Bass ya pa YouTube ndi madziwe a kwathu ku Chileka ndi Lirangwe

Pali mavidiyo ena akakugwira, bandulo imatha osadziwa. Munthu wavala kachipewa, waima m'mbali mwa damu m'bandakucha, waponya kanyambo ka pulasitiki pafupi ndi chitsa, kenako madzi phuu! nsomba ya kukamwa ngati chigubu yadumphira m'mwamba. Nsomba imeneyo ndi bass. Anyamata ndi atsikana angapo a kuno ku Chileka ndi ku Lirangwe akhala akundifunsa funso lofanana: ife opanda bwato, opanda galimoto, tingakaigwire kuti?

Yankho langa loyamba silikoma kwenikweni. Bass si nsomba ya kwathu. Kwawo ndi ku North America, ndipo mtundu umene mumauona kwambiri m'mavidiyomo ndi wotchedwa largemouth bass. Ku South Africa inafika mu 1928, kenako n'kufalikira m'maiko oyandikana nawo. Kuno ku Malawi inalowa m'nthawi ya atsamunda, azungu a m'maesiteti ataiika m'madamu awo kuti Loweruka ndi Lamlungu azikhala ndi chochita. N'chifukwa chake ilibe ngakhale dzina la Chichewa. Mukakafunsa agogo ku Lirangwe kuti "bass ndingaipeze kuti?", akulozerani kusiteji pa msewu wa M1.

Malo ake odziwika ndi madamu a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, damu la Chagwa pa phiri la Zomba, ndi madamu ena a m'mafamu a anthu. Imakonda madzi odekha, okhala ndi udzu ndi zitsa. Mumtsinje wa Lirangwe, wa Lunzu, ngakhale mu Shire, zomwe zikudikirirani ndi mlamba, makumba, chilunguni ndi matemba. Tiger fish, ina ija ya m'mavidiyo, ili kumunsi kwa mathithi a Kapichira ku Chikwawa, chifukwa mathithiwo siitha kuwakwera. Ndiye ngati mukuyamba kumene, ntchito zanu ndi ziwiri: kuphunzira kuwedza pa madzi amene muli nawo pafupi, ndi kupeza njira yolowera pa damu limene muli bass popanda kuthamangitsidwa ndi agalu.

Tiyambe ndi foni, poti ili kale m'manja mwanu. Tsegulani Google Maps, sinthani kuti muziona chithunzi cha satelayiti, ndiye tsatani mtsinje pang'onopang'ono ndi chala. Pamene mtsinje wakhota kwambiri, mbali ya kunja kwa ngodyayo madzi amakumba, ndipo dziwe limakonda kukhala pamenepo. Pamene timitsinje tiwiri takumana, ikani chizindikiro. Pansi pa milatho, chizindikironso. Damu mumalidziwa chifukwa mbali yake imodzi imakhala yowongoka ngati yojambula ndi rula: limenelo ndiye khoma, ndipo madzi akuya amakhala chakumeneko. Chithunzi chojambulidwa m'chilimwe, pamene minda ikuoneka yofiirira, n'chabwino kuposa cha dzinja, chifukwa madzi amene akuoneka nthawi imeneyo ndiye kuti saphwa msanga. Ku Chileka kuno kumatentha, tili mmunsi poyerekeza ndi mu mzinda wa Blantyre, ndipo timadziwe tambiri tokongola mu Malichi timakhala mchenga wokhawokha pofika Okutobala.

Koma foni imathera pomwepo. Siikuuzani kuti dziwe limene mwaliika nyenyezi ndi la ndani, kaya muli ng'ona, kaya lili pafupi ndi manda pomwe anthu a m'mudzimo salola phokoso. Zimenezo amadziwa ndi amayi ochapa kumtsinje, abambo a m'madimba, ndi ana oweta mbuzi ndi ng'ombe. Anawa makamaka musawaderere. Mwana amene amakhala tsiku lonse m'mbali mwa mtsinje amadziwa dziwe limene mlamba umatulutsa mutu masana, ndipo akhoza kukukumbirani nyongolotsi zodzadza chitini inu musanamalize kumanga mbedza.

Kafikidwe n'kofunika. Osangotulukira ndi mahedifoni m'makutu, kudutsa pakati pa dimba la eni ake, kuponda mpiru. Imani, perekani moni, dzitchuleni kumene mwachokera. Ine ndimangoti, "Odi bambo, mwaswera bwanji? Ndachokera cha ku Chileka kuno, ndimafuna ndiweze nawo pa dziwe apa. Kaya n'zololedwa?" Nthawi zambiri yankho limabwera ndi malangizo aulere: "Wezani mwana wanga, koma kutsidya uko musapiteko, n'kozama." Ngati ndi malo amene mukufuna muzibwerabwera, kaonekereni kwa amfumu. Sizitenga nthawi, ndipo tsiku limene mwakumana ndi vuto mudzakhala munthu wodziwika, osati mlendo amene anthu akumuganizira kuti akuzonda mbuzi.

Damu la pa famu kapena pa esiteti ndi nkhani ina. Ndi malo a mwini, ndipo kulowa mozemba ndi mlandu, ngakhale mutangonyamula ndodo yokha. Kapempheni kwa manijala, masana, pa geti. Nenani momveka kuti mubwera angati, tsiku liti, ndiponso kuti nsomba muzibwezera m'madzi ngati iwo akufuna choncho. Ena akukanizani, ena amalipiritsa, ena avomera. Akavomera, musabwere ndi gulu la anthu 10, sipika ndi mabotolo, chifukwa mutsekera njira aliyense wobwera pambuyo panu. Njira ina yachidule ndi bungwe la Angling Society of Malawi, lomwe mamembala ake ndi amene amadziwa madamu a bass m'chigawo cha kummwera. Achinyamata ambiri amaganiza kuti ndi za azungu ndi amwenye a magalimoto okhaokha. Ine ndimati kufunsa sikulipiritsa. Za chilolezo cha boma, funsani ku ofesi ya za usodzi ya boma la Blantyre musanayambe kuyendayenda ndi zida zooneka zodula.

Tsopano za Shire, poti ndikudziwa kuti maso a ambiri ali kumeneko. Kumadzulo kwathu mtsinjewu umadutsa Matope, Zalewa, Walker's Ferry, Nkula, Tedzani, mpaka Mpatamanga. Pa Walker's Ferry ndi pamene Blantyre Water Board imapopa madzi n'kuwakweza kudzera kuno ku Chileka kupita mu mzinda, ndipo pa Nkula ndi Tedzani pali makina a magetsi a EGENCO. Malo amenewa ndi otetezedwa, si owedzera aliyense. Kumunsi kwa makina a magetsi madzi amatha kukwera mofulumira akatsegula zitseko, ndiye mwala umene munakhalapo bwinobwino umasanduka chilumba.

Ndipo mu Shire muli ng'ona. Izi sindikunena mongoopseza. Ng'ona imaphunzira chizolowezi cha munthu: ukamabwera malo amodzi, nthawi imodzi, tsiku ndi tsiku, imakuwerengera. Imani pa gombe lokwera, mamita angapo kuchoka pa madzi, osati pa kamchenga kotsetsereka pamene ziweto zimamwera. Osatumbulira nsomba m'mphepete mwa madzi. Osamangirira nsomba pa chingwe n'kuziviika m'madzi pafupi ndi mapazi anu. Mbedza ikakodwa pa chitsa, dulani chingwe, mbedza ina mukagula. Mdima ukamayamba, nyamukani. Madzi akasefukira, ng'ona zimatha kukwera m'mitsinje ing'onoing'ono yothira mu Shire, kotero funso la "muno muli ng'ona?" lifunseni paliponse, ngakhale pa dziwe looneka lachibwana. Munthu woyamba kumene, ine ndingamuuze kuti Shire amusiyire kaye, kapena apite ndi msodzi wa komweko amene wakulira pa gombepo.

Mitsinje ing'onoing'ono ili ndi zakezake. M'dzinja mvula imatha kugwa kumtunda inu muli padzuwa, ndiye madzi amangofika ofiira, atanyamula zinyalala ndi mitengo. Amene munaona za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 simufunika kuuzidwa zambiri. Mukaona madzi ayamba kuda kapena timitengo tayamba kuyandama, kwerani kumtunda. Chinanso ndi likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odekha a udzu, malo omwewo amene nsomba zimakonda, ndipo timalowa pakhungu. Kuwedza uli pamtunda kuli ndi ubwino umenewu: sulowa m'madzi. Mukaona magazi mu mkodzo, pitani kuchipatala, mankhwala ake alipo.

Zida. Pano ndi pamene YouTube imapusitsa anthu. Kuti muphunzire pa makumba ndi mlamba, nsungwi yowongoka, chingwe cha nayiloni, mbedza zing'onozing'ono, kanati kolemeretsa ndi kachidutswa ka silipasi koyandamitsa n'zokwanira. Makolo athu adya nsomba zaka zonsezi ndi zomwezi. Bass yokha ndiyo imafuna kuti uziponya patali n'kumakoka nyambo, ndiye pamafunika ndodo ya pafupifupi mamita 2 yokhala ndi reel, mtundu wotchedwa spinning, umene suvuta kuphunzira. Chingwe chopirira makilogalamu 5 kapena 6, mbedza za saizi 2/0 kapena 3/0, timtovu ting'onoting'ono tosongoka, ndi paketi imodzi ya nyongolotsi za pulasitiki za mtundu wobiriwira modera kapena wakuda. Basi. Yang'anani m'mashopu a ku Limbe ndi mu Blantyre, ndipo ngati muli ndi achimwene ku Joni, m'malo mowapempha sikipa ina, apempheni zimenezi. Kumeneko bass ndi masewera aakulu ndipo zida zake zili mbwee.

Musanapite kumadzi, ikani ndowa pabwalo, mangani kanati kumapeto kwa chingwe, muziponya mpaka kanatiko kazigwera m'ndowamo kapena pafupi. Aneba aseka, asiyeni. Phunziraninso mfundo imodzi yolimba. Ine ndimakonda yotchedwa Palomar: pindani chingwe pawiri, lowetsani pa diso la mbedza, mangani mfundo wamba osakoka, dutsitsani mbedza yonse m'chikolowekacho, nyowetsani ndi malovu, kokani. Mphindi zisanu mwaidziwa.

Chimene muyenera kumvetsa pa bass n'chakuti ndi nsomba yobisalira. Siyendayenda pakati pa damu kufunafuna chakudya ngati nkhuku pabwalo. Imakhala duu pamthunzi, pafupi ndi chinthu, kudikira kansomba, chule kapena chiwala kuti chidutse, ndiye imatsegula kukamwa n'kumeza ndi madzi omwe. Choncho mukafika pa damu, musathamangire kuponya pakati penipeni. Yang'anani zitsa, mtengo wogwera m'madzi, m'mphepete mwa bango, masamba a kakombo, miyala ya pa khoma la damu, ndi pamene kamtsinje kamathirira. Nsomba zili pamenepo, nthawi zambiri mamita ochepa chabe kuchoka pamene mwaima.

Apa ndi pamene wa pamtunda amaposa wa m'bwato, koma ayenera kukhala ndi khalidwe la mlenje. Yendani monyang'ama, chifukwa kugunda kwa mapazi kumamveka m'madzi. Chithunzithunzi chanu chisagwere pamene mukufuna kuponya. Malaya oyera kapena ofiira asiyeni kunyumba. Yambani kuponya muli chapatali ndi gombe, pafupi pomwepo, kenako ponyani motsata gombe, kumanja ndi kumanzere, kuti nyambo iyende nthawi yaitali m'dera limene muli nsomba. Mukatero ndiye muyese patali.

Kamangidwe kamene ndimalimbikitsa oyamba ndi kotchedwa Texas rig, chifukwa sikakodwakodwa. Lowetsani kamtovu pa chingwe, mangani mbedza, bayani mutu wa nyongolotsi ya pulasitiki n'kutulutsa mbedza chapafupi, itembenuzeni, kenako bisani nsonga yake m'thupi la nyongolotsiyo. Nsonga ikabisika, mutha kuponya pakati pa udzu ndi nthambi osataya mbedza. Mukaponya, isiyeni imire mpaka pansi, maso ali pa chingwe. Bass zambiri zimagwira nyambo ikamamira. Ikafika pansi, kwezani ndodo pang'ono, itsitseni, kulungani chingwe cholendewera, dikirani. Pang'onopang'ono. Oyamba ambiri amakoka mothamanga ngati akutunga madzi pachitsime.

Kugwira kwake sikumveka ngati m'mavidiyo. Nthawi zina ndi kagogodo kamodzi, go, ngati wina wagunda ndodo ndi chala. Nthawi zina simumva kalikonse, mungoona chingwe chikuyenda chokha chammbali. Zikatero, tsitsani ndodo, kulungani mpaka chingwe chikungike, kenako kwezani mwamphamvu kamodzi kuti mbedza iboole pulasitiki ija ndi mlomo wa nsomba. Ikadumpha, ikufuna kulavula mbedza, ndiye chingwe chisalendewere ngakhale pang'ono. Ikafika pagombe, igwireni mlomo wa mmunsi ndi chala chachikulu. Mano ake ndi okhakhala chabe, sapweteka. Koma samalani minga ya pamsana, ndipo mlamba musaugwire mwachisawawa, uli ndi minga yolimba m'mbalimu yomwe ikakubayani mudzaimba nyimbo.

Pakatha mphindi 15 kapena 20 popanda kanthu, sunthani. Kuwedza bass ndi koyenda, si kokhala pa mpando. Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere ndi madzulo likamapendeka, komanso tsiku la mitambo. Masana a Okutobala imathawira pakuya ndi pamthunzi, ngati ife tomwe. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikawomba, imachita ulesi, ndiye nyambo iyende mochedwa kwambiri ndiponso pansi. Madzi akayamba kufunda cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, imabwera posaya kudzaswana. Yaimuna imasesa kamalo pansi n'kumalondera mazira, ndipo imaluma chilichonse chofika pafupi. Kuigwira nthawi imeneyi n'kosavuta, koma ikachoka pa mazirapo nsomba zina zimawadya, ndiye mwini damu akakuuzani kuti miyezi imeneyi muzibwezera msanga, chifukwa chake ndi chimenecho. M'dzinja madzi akada, nyambo yokhala ndi kachitsulo kozungulira, yotchedwa spinnerbait, imathandiza chifukwa nsomba imamva kunjenjemera kwake ngakhale isakuona. Ndipo ngati zapulasitiki zakukanikani, nyongolotsi yeniyeni kapena chiwala bass siikana.

Za kukula kwake, mtima m'malo. Rekodi ya dziko lonse ndi pafupifupi makilogalamu 10.1, yomwe George Perry anagwira ku Georgia, America, mu 1932, ndipo Manabu Kurita anaifanana nayo pa nyanja ya Biwa ku Japan mu 2009. Zaka 77 pakati pa awiriwo. Yanu yoyamba ikakhala yotalika ngati kuchokera pa chikhatho kufika pa chigongono, jambulani, ikani pa status, mwagwira ntchito.

Nkhani yobwezera nsomba m'madzi imavuta kuifotokoza kunyumba. Mayi aliyense wa kwathu kuno akamva afunsa kuti, "Iwe, wagwira ndiwo n'kuzitayanso? Wadwala?" Ndipo sakulakwa. Kubwezera kunayamba kumaiko kumene anthu amawedza atakhuta. Maganizo anga ndi akuti pa damu la mwini, tsatirani lamulo la mwini. Akalola kutenga, tengani ziwiri zapakatikati, zazikulu zoswana zisiyeni. Mnofu wake ndi woyera, minga yochepa, yokazinga imayenda bwino ndi nsima.

Chimene sindingagwirizane nacho ngakhale pang'ono ndi ichi, ndipo ndamva anyamata akuchikamba ngati nzeru: kutenga tibass tamoyo m'ndowa n'kukatiika m'dziwe la kumudzi kapena mumtsinje, kuti "tikhale ndi pathu powedzera". Aise, ayi. Bass imadya nsomba zinzake, ndipo zoyamba kutha ndi matemba ndi ana a makumba, ndiwo za mabanja amene sadziwa n'komwe kuti YouTube n'chiyani. Ku Guatemala anaiika m'nyanja ya Atitlán mu 1958 pofuna kukopa alendo. Nsomba za komweko zinachepa kwambiri, ndipo mbalame ina ya m'madzi yomwe inkapezeka pa nyanja yokhayo inatheratu pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, bass ili m'gulu la zifukwa zake. Ku nyanja ya Biwa komwe kunachokera rekodi kuja, kuyambira 2003 lamulo limaletsa kubwezera bass m'madzi ukaigwira, chifukwa akufuna ichepe. Kuno kwathu lamulo la za usodzi sililola kusamutsa nsomba zachilendo popanda chilolezo, ndipo boma linaletsapo kale nsomba ya carp m'madera othira madzi mu nyanja ya Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pa mantha omwewa. Lirangwe ndi Lunzu zimathira mu Shire. Damu likasefukira usiku umodzi, zimene munaikamo sizikhalanso zanu. Pa chifukwa chomwechi, musanyamule tinsomba tamoyo kuchoka dziwe lina kukachita nyambo kwina. Za katupe ndi maneti a udzudzu sindichita kutalikitsa: n'zoletsedwa, ndipo zimapha ndi ana omwe.

Ndiye Loweruka likubwerali mutha kuyamba chonchi. Sankhani dziwe limodzi pa mapu, la mu Lirangwe kapena Lunzu, lofikika pa kabaza. Pitani awiri, m'mamawa, ndi nsungwi, chitini cha nyongolotsi, madzi akumwa, chipewa ndi nsapato zotseka chifukwa cha minga ndi njoka. Makumba akuphunzitsani kuona kachidutswa ka silipasi kakamira, mlamba ukuphunzitsani kulimbana ndi nsomba yamphamvu, ndipo zonsezo mudzazifuna tsiku limene geti ya damu la bass idzakutsegukireni. Uzani wina kunyumba kumene mwapita ndi nthawi yobwerera, mutumizireni malo anu pa WhatsApp netiweki isanathawe, ndipo foniyo muikulunge m'kajumbo n'kuiika m'thumba la zipi, osati la malaya, chifukwa powerama kuti mutole nsomba ndi pamene mafoni ambiri amagwera m'madzi.